Wogwira maikolofoni asamaitanidwe pomaliza

Mu 2016 filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapata mphoto ya AMVCA ku Nigeria. Mu 2020 Gift Sukez Sukali, yemwe anayamba kudziwika ndi mavidiyo a nyimbo, anatulutsa Fatsani, nkhani ya mtsikana wogulitsa nthochi mumsewu, ndipo dziko lino linaitumiza ku mpikisano wa Oscar. Pa zithunzi tapitadi patsogolo. Chomwe chimandidetsa nkhawa m'mafilimu ambiri a achinyamata a mu Likulu ndi mawu.

Gwero la vutoli ndi kumene ambiri anaphunzirira ntchito. Pojambula vidiyo ya nyimbo, nyimboyo imakhala itatha kale ku situdiyo. Sipika imalira, woimba n'kumangotsatira ndi milomo, ndipo phokoso lonse la pamalopo limatayidwa. Munthu akhoza kujambula mavidiyo zaka zambiri osavalapo mahedifoni. Akadzayamba filimu ya nkhani amabwereka kamera yodula, magetsi ndi droni, koma maikolofoni amapatsa mnzake aliyense amene alibe chochita.

Chonsecho mzinda uno sukhululukira munthu wotere. Ku Old Town, mumsewu wa Malangalanga kapena ku msika wa Tsoka, oitanira minibasi, njinga zamoto za kabaza ndi masipika a ogulitsa zimalimbirana khutu nthawi imodzi. Waluso salimbana nazo. Amayandikiza maikolofoni pamwamba pa mutu wa wosewera, pomwe kamera sikuona, kapena kubisa kakang'ono m'malaya. Akatero amajambula palokha phokoso la msikawo, kuti polumikiza zidutswa alikweze kapena kulitsitsa malinga ndi nkhani. Phokosolo ndi chuma, chifukwa ndi limene limauza woonera kuti pano ndi pa Lilongwe.

Ku Area 10 kapena Area 43 kumaoneka ngati kuli bata, koma nyumba zikuluzikulu za matailosi zimabweza mawu, moti wosewera amamveka ngati akulankhulira mu mgolo. Wodziwa ntchito amafika ndi mabulangete, kuyala pansi ndi kupachika m'makoma, kuzimitsa filiji, ndipo magetsi akathima amakankhira jenereta kutali n'kukoka chingwe chachitali. Ku City Centre, komwe malo ndi otseguka, mphepo ya mwera ya mu June ndi July imawononga mawu ngati maikolofoni sanavekedwe chophimba chaubweya. Asanasamuke pamalo aliwonse, wojambula mawu amapempha anthu onse akhale chete kwa mphindi imodzi, ajambule kamvekedwe ka malowo, kuti mawu asamadumphe pomwe mkonzi wadula.

Izi n'zofunika kwambiri kwa ife chifukwa masewero athu amayenda ndi pakamwa. Tinakulira pa masewero a pa wailesi ya MBC, ndipo ambiri amaonera filimu pa foni ya sipika yaing'ono. Chithunzi chikachita mdima pang'ono woonera amapirira, koma akalephera kumva chomwe mayi wauza mwana wake amasiya pomwepo.

Choncho wojambula mawu alembedwe pa bajeti tsiku limodzi ndi wa kamera, apite nawo kokayendera malo, ndipo alipidwe ngati mmisiri. Akakweza dzanja n'kunena kuti njinga yamoto yadutsa, tibwereze, dayirekita amumvere ngakhale dzuwa likulowa.