Kulanga wogula: chigamulo cha ku Strasbourg sichinayankhe funso la zaumoyo

Pa 25 July 2024, bwalo loona za ufulu wachibadwidwe la mayiko a ku Ulaya, lomwe lili ku Strasbourg, linagamula mlandu wa anthu 261 ogulitsa thupi omwe anasumira dziko la France. Iwo ankatsutsa lamulo la mu 2016 lolanga munthu wolipira kuti agonane ndi wina, lomwe linatengera la ku Sweden la mu 1999. Bwalolo linati France sinaphwanye ufulu wawo.

Amene akufuna lamulo lotere angaone ngati nkhani yatha. Koma mfundo yaikulu ya oweruza inali yakuti mayiko a ku Ulaya sakugwirizana pa nkhaniyi, choncho dziko lililonse lili ndi danga losankha njira yake. Sananene kuti lamuloli limateteza thanzi, ndipo analangiza boma kuti lizionabe zotsatira zake.

Apa ndi pofooka pa chigamulochi. Kafukufuku wa mu 2018 yemwe bungwe la Médecins du Monde linatengapo mbali anapeza kuti ogulitsa thupi 38 mwa 100 alionse ku France ankavutika kwambiri kukakamiza kondomu lamuloli litayamba. Ogula akachepa, otsalawo ndiwo amalamula mtengo, malo ndi kondomu yomwe. Nayo magazini ya The Lancet mu 2014 inayerekeza kuti kuchotseratu zilango kungapewetse pakati pa 33 ndi 46 mwa matenda atsopano 100 alionse a HIV mwa amayiwa ndi makasitomala awo pa zaka khumi.

Makhoti a kuno kwathu anayang'ana kwambiri za mayi mwiniwake. Mu 2015 bwalo lalikulu ku Blantyre linati kuyeza HIV mokakamiza amayi omwe anagwidwa ku Mwanza mu 2009 kunaphwanya malamulo aakulu a dziko. Mu 2016 Justice Zione Ntaba ku Zomba anafafaniza chilango cha amayi 19 a ku Dedza, ponena kuti gawo 146 la Penal Code cholinga chake n'kuteteza amayiwa kwa owadyera masuku pamutu.

Kwa Ngokwe ku Machinga, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, funsoli si la m'mabuku. M'madoko ambiri a nsomba m'Malawi malipiro amatha kukhala nsomba, osati ndalama. Nanga wogula ndani: msodzi wopereka mlamba, kapena bambo wolipirira mayi lendi? Msodzi akadziwa kuti angamangidwe, sangaulule kwa namwino yemwe anagona naye, ndipo matenda opatsirana pogonana amabwereranso mwa onse awiri ngati wachizidwa mmodzi yekha.

Mlangizi wa zaumoyo ndi volontiya amadalira kukhulupiriridwa kuti makondomu, PrEP ndi ma ARV zifike kudoko. Chigamulo cha ku Strasbourg chikuuza boma zomwe likuloledwa kuchita. Sichikuuza mlangizi momwe angapezere mayi amene wasamukira kumdima potsatira kasitomala woopa apolisi.