Diso la wotsuka zimbudzi: luso la kubwereza mu Perfect Days

Hirayama amadzutsidwa ndi tsache. Kunja kusanayere, gogo wina amasesa msewu pafupi ndi nyumba yake mumzinda wa Tokyo, ndipo kukwecha kwa tsachelo ndiyo wotchi yake. Amapinda zogonera, amatsuka mano, amadulira ndevu, amawaza madzi pa timitengo timene akulera m'chipinda, amavala ovolosi, n'kutola makiyi, kamera ndi ndalama zachitsulo pa kashelefu ka pakhomo. Akatsegula chitseko amayamba wayang'ana kumwamba. Kenako amagula khofi wa m'chitini pa makina, amalowa m'kagalimoto kake, amasankha kaseti, ulendo wokatsuka zimbudzi za anthu onse ku Shibuya.

Umu ndi mmene amayambira Perfect Days, kanema amene Wim Wenders wa ku Germany anatulutsa mu 2023. Pamadutsa nthawi yaitali ndithu Hirayama asanatsegule pakamwa. Ndipo m'mawa womwewu Wenders amauonetsanso kambirimbiri m'kanema wa maola 2 ndi mphindi zochepa. Kawirikawiri wolumikiza kanema amadula chilichonse chimene woonera wachiona kale. Wenders anachisunga, ndipo mphamvu ya kanemayu yagona pa chisankho chimenecho.

Kubwerezako kuli ndi dongosolo. Tsiku loyamba zonse zimaoneka mwatsatanetsatane mpaka woonera amaloweza ndondomeko yake. Masiku otsatira kamera ya Franz Lustig imaima pena, zina zimafupikitsidwa, zina zimadumphidwa. Diso likadziwa zimene likuyembekezera limayamba kugwira zimene zasintha: lero kumwamba kuli mitambo, lero kaseti ndi ina. Niko, mwana wa mlongo wake, atathawa kwawo n'kudzagona kwa malume akewa, m'mawa Hirayama amanyang'ama m'nyumba yake yomwe kuopa kumudzutsa, ndipo pa makina paja zitini zimatuluka ziwiri. Palibe amene amanena kuti bamboyu wasangalala kupeza womuperekeza. Chitini chachiwiricho chimakwanira, koma chimakwanira chifukwa woonera wawerenga kale chitini chimodzi masiku onse apitawo. Chimodzimodzinso kapepala kamene amakapeza m'mphako ya khoma la chimbudzi china, pamene munthu wosadziwika anayambitsa masewera olemba O ndi X. Hirayama amalembapo chizindikiro chake n'kukabwezera pomwepo, mawa n'kupeza yankho. M'kanema wa mfuti ndi magalimoto othamangitsana kapepala kotere sikangaoneke n'komwe. Muno munthu amapezeka akudikira mwachidwi kuti aone ngati wayankhidwa.

Apa ndi pamene kanemayu amapambana mabuku ambiri olangiza anthu kuti aziima n'kumasirira chilengedwe. Salangiza. Amaika woonera m'ndondomeko ya munthu wina kwa nthawi yokwanira kuti maso ake azolowere, kenako amasuntha kanthu kamodzi.

Chithunzi chake n'chopanikizika m'mbali, cha muyeso wa 4:3 wa mawailesi akanema akale. Kutambalala kwa Tokyo kumadulidwa, kumatsala munthu mmodzi ndi zimene zili pamwamba pa mutu wake: nthambi, thambo, nsanja ya Skytree imene amaiona tsiku ndi tsiku popita kuntchito. Kanemayu anajambulidwa m'masiku 17 okha, kamera ili paphewa, ikutsata Hirayama ngati kuti ndi munthu weniweni wogwidwa ali pantchito. Dzina lakuti Hirayama linachokera m'makanema a Yasujiro Ozu, katswiri wa ku Japan amene anamwalira mu 1963, yemwe Wenders anamulemekeza kale mu Tokyo-Ga wa 1985. Ozu ankakhazika kamera pansi osaisuntha. Wenders sanatengere zimenezo. Anatengera kudekha kolola chinthu wamba kukhala pa chithunzi mpaka chiyambe kulankhula.

Masana Hirayama amadya sangweji pa benchi ya m'bwalo la kachisi, n'kuloza kamera yake yakale ya filimu kumasamba kumene dzuwa likudutsira. Tsiku lopuma amakatenga zithunzizo kumene amakazitsukitsa, amakhala pansi n'kuzisankha. Zosamugwira mtima amazing'amba pomwepo, zabwino amazisunga m'timabokosi tachitsulo tolembedwa madeti. Kung'ambako n'kofunika kwambiri, chifukwa kumaonetsa kuti munthuyu sangosirira chilichonse chimene chadutsa pamaso pake. Amaweruza, amataya, ali ndi muyeso. Usiku nawo uli ndi zithunzi zake, maloto afupiafupi opanda mitundu amene anakonza Donata Wenders, osakaniza masamba, mithunzi ndi nkhope za tsikulo. Ena mwa malotowa amafanana mopitirira, ndipo ndi malo okhawo pamene kubwereza kumaoneka ngati kwangobwereza.

Zonsezi zikanagwa pakanapanda Koji Yakusho, amene analandira mphoto ya mwamuna wochita bwino koposa pa chikondwerero cha makanema cha Cannes mu 2023. Mawu anapatsidwa ochepa, choncho amasewera ndi manja ndi maso. Amagwada n'kulowetsa kagalasi pansi pa mkombero wa chimbudzi kuti aone pamene diso silifika. Wina akalowa mwadzidzidzi, amatuluka n'kukaima panja, maso pa kuwala kumene kukuvina padenga. Atapeza kamnyamata kosochera kakulira, amakagwira dzanja kukafuna mayi ake. Mayiwo atafika samuyang'ana n'komwe, amangopukuta dzanja la mwanayo. Yakusho sakwinya nkhope. Amangoima, mpaka kamwanako kamacheuka n'kumubayibitsa, ndipo kumwetulira kwake kumabwera mochedwa pang'ono, ngati kwa munthu amene anayamba wameza kanthu kowawa. Ngakhale chithunzi chotsiriza, pamene kamera imakhazikika pankhope yake akuyendetsa galimoto, Nina Simone akuimba, chimwemwe ndi misozi zikusinthana, chimagwira mtima chifukwa nkhopeyo yakhala ikudzigwira kwa maola awiri.

Komabe pali pofunika kufunsa. Kanemayu anabadwira mu ntchito yotchedwa The Tokyo Toilet, imene inamanga zimbudzi 17 ku Shibuya mothandizidwa ndi bungwe la Nippon Foundation. Mapulani a zimbudzizi anajambulidwa ndi akatswiri a zomangamanga otchuka monga Tadao Ando, Kengo Kuma ndi Shigeru Ban, amene zake zili ndi makoma a galasi oonekera mkati omwe amachita chifunga munthu akakhoma chitseko. Wenders anaitanidwa kuti akaone nyumbazi n'kukonzapo timakanema tatifupi, iye n'kusankha nkhani yaitali imene analemba pamodzi ndi Takuma Takasaki. Chiyambi chimenechi chimaonekera. Zinyalala zimene Hirayama amatola ndi zitini ndi mapepala basi. Aliyense amene analowapo m'chimbudzi cha padepoti ya basi madzi atasiya kutuluka akudziwa kuti ntchito imeneyi ili ndi fungo, ndipo kamera ya Lustig siliyandikira. Mlongo wa Hirayama akabwera kudzatenga Niko pa galimoto yapamwamba yoyendetsedwa ndi dalaivala, zimadziwika kuti Hirayama anachokera m'banja lachuma ndipo moyo uwu anachita kuusankha. Alibe ana ofuna fizi, alibe mwininyumba womugogodera.

Kanemayu amavomereza vutoli kamodzi kokha. Takashi, mnyamata amene amagwira naye ntchito, amasiya mwadzidzidzi pongoimba foni, ndipo Hirayama amatsala ndi zimbudzi za anthu awiri. Tsiku limenelo zithunzi zimadulidwa mofulumira, mdima umagwa iye akadali pantchito, ndipo munthu wofatsa uja amakalipira mabwana ake pafoni kuti apeze wina. Ndi chigawo choona kwambiri m'kanema yense, pakuti chimaonetsa kuti maso ake aja amadalira ntchito yoweruka dzuwa likadalipo. Koma kampani imatumiza mayi wina wakhama tsiku lotsatira lomwelo, ndipo ndondomeko imabwerera m'malo mwake. Wenders, amene anali ndi chipiriro choonetsa m'mawa wabwino kambirimbiri, tsiku lotopetsali analionetsa kamodzi, ndipo funso lakuti Hirayama akanaonabe masamba aja patatha mwezi wathunthu wa ntchito yotere sanalifunse.