Sofa ya mabatani m'dziko la chiperoni

Mwa masofa onse amene akalipentala a ku Ndirande ndi ku Limbe amakopera pa zithunzi za pafoni, yotchuka kwambiri ndi ija ya mabatani olowa m'kati, imene eni ake ku England amaitcha Chesterfield. Imakwera lole ku Limbe, kudutsa Bvumbwe, pa boma la Thyolo ndi Makwasa, n'kukatsikira ku Masambanjati itakulungidwa m'mapulasitiki. Mwini wake walipira ndalama za tiyi, za nthochi kapena za ku Joni, ndipo ali ndi chifukwa chonyadira. Vuto limayamba ikalowa pabalaza. M'nyumba zambiri sofa yokongolayi timaipanikiza, kuiphimba ndi kuiunjikira zinthu mpaka luso la amene anaipanga osaonekanso.

Kuti munthu aikonze bwino ayambe waiyang'anitsitsa. Chesterfield ili ndi zizindikiro zake zosasintha: mikono yopindikira kunja, msana wofanana msinkhu ndi mikonoyo, chikopa chokokedwa ndi mabatani mpaka kupanga timadayamondi, ndi misomali ya mkuwa yondandalikidwa kutsogolo. Nkhani imene amalonda amakonda kufotokoza ndi yakuti woyamba kuiitanitsa anali Philip Stanhope, mfumu yachinayi ya dzina la Chesterfield, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1694 mpaka 1773, ati pofuna mpando woti mlendo akhalepo chowongoka osakwinya zovala. Umboni wa nkhaniyi ndi wochepa, koma mpandowo umachitadi zimenezo. Msana wake ndi waufupi, mutu ulibe potsamira. Ndi mpando wokambirana nkhani, woyenera ankhoswe, abusa ndi apongozi. Amene akufuna kugona chagada akuonera mpira wa Bullets ndi Wanderers agule ina.

Ambiri amaganiza kuti kwawo kwenikweni kwa sofa yotere kuno ndi m'nyumba za mabwana a m'maesiteti, ndipo sanalakwe kwenikweni. Maclean Kay, amene anayambitsa esiteti ya Satemwa mu 1923, anamanga nyumba ya banja lake ya Huntingdon mu 1928, imene lero imalandira alendo. Nyumba za mtundu umenewo zili ndi zipinda zazikulu, denga lalitali, khonde lotakata ndi malo osonkhapo moto m'kati. M'chipinda chotero sofa ya chikopa imaima pakati, kuyang'ana moto, kumbuyo kwake kuli danga loti munthu n'kudutsa. Motowo umaumitsa mpweya, chikopa n'kukhalitsa. Choncho chimene chimakometsa sofa m'nyumba zimenezi ndi mpata ndi kuuma kwa chipinda. Okopera amasiya ziwirizi n'kutola zapamwamba: nyanga za nyama, masutikesi akale, zithunzi za azungu atavala zipewa. Kwa mlendo wochokera ku London zimenezi ndi zosangalatsa. Koma kwa banja limene agogo ake anathyola masamba a tiyi dengu lili kumsana, kuveka balaza lawo ngati nyumba ya bwana wa nthawi ya atsamunda ndi nthabwala yosaseketsa.

Nyumba imene tiyenera kuiganizira ndi ya njerwa zootcha ndi malata, pansi pa simenti, balaza la mamita anayi kapena asanu. Chesterfield ya anthu atatu imatenga pafupifupi mamita awiri, ndipo mikono yokhayo imadya malo oti pakadakhala munthu wina. Tsono ife sitigula imodzi. Timagula seti yonse, ya atatu, ya awiri ndi ya mmodzi, kuonjezapo tebulo lagalasi ndi kabati ya mbale zosadyerapo. Mlendo amalowa chammbali, mawondo akugunda tebulo, ndipo mwana wobwera kudzagwada popereka moni amasowa pogwada. Apa ndiye pagona cholakwa chachikulu, chifukwa balaza la Mlomwe kapena Mmang'anja limafuna malo apansi: poyala mkeka amayi akabwera ambiri, potulutsira mipando mosavuta pakagwa zovuta.

Sofa imodzi ndi yokwanira. M'malo mwa ziwiri zinazo muike mipando iwiri yoluka ya nsungwi, ija imene imagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya Blantyre. Mipando imeneyi m'masitolo a ku Cape Town ndi ku Ulaya imagulidwa modula pa dzina la dziko lathu, pamene kwathu kuno timaitaya pakhonde ngati ya ovutika. Ikakhala pafupi ndi Chesterfield zimagwirizana bwino: sofa ndi yolemera ndi yotseka, mipandoyo ndi yopepuka, kuwala kumadutsa m'mipata ya kalukidwe kake, ndipo misana yake yozungulira imayankhana ndi mikono yopindika ija. Pansi pa simenti yopakidwa polishi wofiira, chikopa chakhofi chimakhala bwino kuposa chakuda, ndipo tebulo laling'ono la mlombwa kapena mbawa limaposa lagalasi.

Za chitenje pamafunika dzanja lodziletsa. Mabatani aja ndi maluwa kale paokha. Mukaunjikapo mapilo asanu a mitundu isanu, maso amasowa popumira. Mapilo awiri a chitenje chimodzi, cha maluwa akuluakulu, akwanira. Tinsalu toluka timene amayi athu amayala pamisana ya mipando sindingatinyoze, chifukwa tili ndi ntchito yoteteza mpando ku mafuta a m'mutu, ndipo kaluso kake ndi kathu. Koma pa sofa iyi mutu sufika pamsana, ndiye tinsaluto timangobisa chimene munalipirira. Tiikeni pa tebulo. Pulasitiki yakusitolo ija ndiye ichoke tsiku lomwelo.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimatha kukuta mapiri a Thyolo masiku angapo, chinyontho n'kulowa m'makoma. Sofa yokanikizidwa kukhoma imachita chuku kumbuyo, ndipo pansi pa pulasitiki zimanyanya. Siyani mpata wa chikhatho pakati pa sofa ndi khoma, ndipo sankhani ya miyendo yoti tsache lizilowa pansi. Chilimwe chikafika, fumbi la katondo limakhazikika m'dzenje la batani lililonse, kotero kuti sofa yoyera kapena yotuwira, imene imakongola pa Facebook, kuno imafiira msanga. Chikopa chapulasitiki chimene ambiri amakutira nacho chimayamba kusenda m'makwinya mwa mabatani momwemo. Ngati thumba silifika pa chikopa chenicheni, nsalu yolimba ya mtundu umodzi, yobiriwira modera kapena yakhofi, imakalamba mwaulemu.

Achinyamata obwera kuchokera ku Johannesburg amakonda zina: makoma oyera, matailosi, zitsulo zonyezimira. Sofa imene amakopera nthawi zambiri imachokera ku mpando umene Le Corbusier, Pierre Jeanneret ndi Charlotte Perriand anajambula ku Paris mu 1928, chaka chomwe nyumba ya Huntingdon inamangidwa: makushoni a makona anayi ogwiridwa ndi mapaipi achitsulo oonekera kunja. Kampani ya Cassina ku Italy yakhala ikuupanga kuyambira 1965. M'chipinda cha matailosi okhaokha mpandowu umazizira, ndipo mwezi wa Juni ku Masambanjati kuzizirako kumakhala kwenikweni. Mankhwala ake ndi mkeka wa mlaza pansi ndi chinthu chimodzi chathabwa. Amene akuopa kuti zimenezi n'zachimidzi adziwe kuti Perriand mwiniwake, atapita ku Japan mu 1940, anakonzanso mpando wawo wotsamira wachitsulo pogwiritsa ntchito nsungwi.

Akalipentala athu luso la manja ali nalo, ndipo ena amakoka mabatani molunjika bwino. Chimene amaphonya ndi muyeso: amanenepetsa mikono, amatalikitsa msana kuti wogula aone ngati wapeza zambiri, ena amaika timiyala tonyezimira m'malo mwa mabatani. Wogula ndi amene angawawongole. Musanapite ku Limbe yezani balaza lanu ndi chitseko chomwe, muuze kalipentala kuti msana ulingane ndi mikono, thabwa likhale louma, ndipo muitanitse sofa imodzi yokha.