Timadontho ta Usiku ndi Nkhope Zimene Tikufafaniza

Pali lamulo limene ojambula zithunzi amapatsirana, ndipo aliyense wogula kamera yake yoyamba amalimva: usakweze ISO kupitirira 800, chithunzi chidzatuluka ndi timadontho. Timadonthoto, timene ojambula amati noise, tilipodi, ndipo tikachuluka timanyansa. Koma ndikamaona zithunzi za madyerero a ukwati, za mapemphero a usiku, kapena za magule ovinidwa dzuwa litalowa, zoonongeka ndi timadontho n'zochepa. Zambiri zaonongeka ndi mantha. Wojambula amakakamira ISO 400, kamera n'kuchedwetsa shutter mpaka 1/15 ya sekondi kuti ipeze kuwala kokwanira, ndipo mayi amene akuvina pa perekaniperekani amatuluka ndi manja atatu, nkhope yosazindikirika. Timadontho tingachepetsedwe pa kompyuta. Dzanja limene layenda shutter ili chitsegukire palibe angalibweze pamalo pake.

ISO ikusenza mlandu umene si wake. Kuwala kumafika pa sensa ya kamera m'tizidutswa totchedwa mafotoni, ndipo timagwa mwachisawawa. Ikani makapu ambiri pabwalo mvula ikungowaza, muwachotse pakatha sekondi imodzi: ina mupezamo madontho atatu, ina asanu ndi awiri, ina youma. Asiyeni pa chimvula kwa ola lathunthu, madzi ake aoneka olingana. Pixel iliyonse pa sensa ndi kapu yotero. Imene iyenera kulandira mafotoni 100 imaphonya ndi pafupifupi 10, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 10. Imene iyenera kulandira 10,000 imaphonya ndi pafupifupi 100, gawo limodzi lokha mwa magawo 100. Kusiyana kwa pixel ndi inzake kumeneku ndiko timadontho timene timaona, ndipo kuti tichepe ndi theka pafunika kuwala kochuluka kanayi.

ISO siionjezera fotoni ngakhale imodzi, komanso siichotsa. Imangokweza mphamvu ya zimene sensa yalandira kale. Timaiona pamodzi ndi timadontho chifukwa timaikweza pamene kwada. Aliyense angayesere yekha: jambulani chinthu chimodzi kawiri osasintha shutter kapena aperture, koyamba pa ISO 400, kachiwiri pa ISO 3200, kenaka muwalitse choyambacho pa kompyuta mpaka chifanane ndi chachiwiri. Pa makamera ena atsopano ziwirizi zimafanana. Pa makamera ambiri akale cha ISO 400 ndicho chimaipa, nthawi zina n'kuonetsa mizere m'malo amthunzi, chifukwa zamagetsi za mkati mwa kamera nazo zimathirapo timadontho take powerenga sensa, ndipo ISO yokwera imakuza chithunzi timadontho timeneto tisanalowemo.

Choncho luso lonse limayambira pa kusonkhanitsa kuwala, batani lisanadinidwe. Lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera imatseguka mpaka f/5.6 basi ikakokedwa kufika 55mm. Lenzi ya 50mm f/1.8, imene ili m'gulu la zotsika mtengo kwambiri, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Pamene yoyambayo ikufuna ISO 6400, yachiwiriyo ikhutira ndi 640. Pali mtengo wake: pa f/1.8 malo ooneka bwino amachepa, moti ankhoswe akaima mizere itatu, akumbuyo sadzaoneka, ndiye muyenera kutsekako n'kuvomera ISO yokwera. Shutter nayo isankhidwe poona chimene chikuyenda. Wovina amafuna 1/250 kapena kuposera, wolankhula ataima phee 1/60 ingamukwane. Zikatha ziwirizi, ISO ikwere kufika pamene ikufunika, popanda manyazi.

Chida chimene ojambula achinyamata amachiiwala ndi miyendo ndi pakamwa. Kupempha agogo kuti asendere pafupi ndi babu, mtunda n'kutsala theka, kumachulukitsa kuwala pa nkhope yawo kanayi. Palibe pulogalamu ingakupatseni zimenezo.

Zosayenda n'zosavuta. Ikani kamera pa tripod, jambulani kanayi, phatikizani pa kompyuta, timadontho tichepa ndi theka. Mafoni amachita zomwezi mwakachetechete: Night Sight ya Google inabwera mu 2018, Night mode ya iPhone 11 mu 2019, ndipo zonse zimajambula kambirimbiri n'kuphatikiza. Koma amene wayesapo kujambula nyali za asodzi a usipa pa nyanja ya Malawi akudziwa malire a njirayi, popeza bwato siliima pamafunde, ndipo shutter ikachedwa nyali iliyonse imasanduka kamzere.

Lamulo la 800 lija linali ndi nthawi yake. Makamera a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ankavutikadi pamenepo. Zinasintha mu 2007 pamene Nikon D3 inatuluka ndi sensa yaikulu ngati filimu ya 35mm, n'kumajambula bwino pa ISO 6400, ndipo inkatha kukankhidwa mpaka 25,600. Mu 2014 Sony A7S inafika 409,600. Manambala apamwambawo ndi okopera ogula, koma apakatiwo ndi ogwirira ntchito. Ngakhale kamera ya sensa ya APS-C, imene kukula kwake sikufika theka la yaikuluyo, imangotsalira m'mbuyo ndi sitepe imodzi ya ISO kapena kupitirirako pang'ono. Lamulo linakalamba, ife tikulisungabe.

Tsopano pali nkhani imene imandikhudza kwambiri, ndipo ndiyo yandilembetsa zonsezi. Khungu lakuda limabweza kuwala kochepa kuposa loyera. Pansi pa nyali imodzimodzi, nkhope yakuda imatumiza mafotoni ochepa ku sensa, ndiye timadontho timaunjikana pomwepo, pamalo amene aliyense woona chithunzi amayamba kuyang'ana. Onjezanipo diresi loyera la mkwatibwi kapena nyali yowala kumbuyo: kamera imayesa kuti pamalopo pawala kwambiri, n'kuchepetsa kuwala, nkhope n'kumira mumthunzi. Wojambula akafika kunyumba amakoka mthunziwo kuti nkhope ioneke, timadontho n'kudzuka tonse, kenaka amatifafaniza mwamphamvu. Chotsatira chake tonse tachiona pa Facebook ndi m'mafelemu a pabalaza: masaya osalala mopanda moyo, mphumi yopanda thukuta ngakhale munthuyo wavina ola lathunthu, gogo wa zaka 80 wopanda khwinya. Timadontho tachokadi, koma tatenga ndi mwini wake. Mankhwala ake ali pa nthawi yojambula: pimani kuwala pa nkhope, kwezani mpaka diresi litatsala pang'ono kutaya mapindo ake, ndipo histogram ikuuzani pamene muyenera kulekezera.

Ndimaphunzira zambiri kwa anthu awiri amene ankajambula pa filimu, sensa kulibe. Roy DeCarava ankajambula anthu akuda a ku Harlem mu New York, m'makhitchini, m'makonde amdima ndi m'malo oimbira jazz, kuphatikizapo John Coltrane, ndipo ankadalira kuwala kumene wakupeza pamalopo. Buku limene anatulutsa ndi Langston Hughes mu 1955, The Sweet Flypaper of Life, ladzaza zithunzi zakuda bii koma zosafa: mkati mwa mdimamo muli mitundu yambiri ya kuderako, ndipo diso likazolowera limapeza tsaya, khosi, dzanja. Sankaona mdima ngati cholakwa chofunika kukonza. Malick Sidibé wa ku Mali anatsata njira ina. Pa madansi a achinyamata ku Bamako m'zaka za m'ma 1960 ankanyamula flash, ndipo chithunzi chake cha 1963 chotchedwa Nuit de Noël chikuonetsa mnyamata ndi mtsikana akuvina mitu itayandikana, khungu ndi nsalu zikuoneka bwinobwino. Wina anasunga mdima, wina anabweretsa kuwala kwake, koma onse anasankha ali pomwepo. Chimene sindikugwirizana nacho ndi kujambula usiku kenaka n'kuusandutsa masana pa kompyuta. Mthunzi umene wasiyidwa wakuda umabisa timadontho take wokha, ndipo umauzanso woona kuti unali usiku.

Pofafaniza, tisiyanitse mitundu iwiri ya timadontho. Pali timabala tofiira, tobiriwira ndi tapepo timene timabuka mumthunzi. Timeneti chotsani, chifukwa palibe khungu kapena khoma limaoneka choncho, ndipo diso silidandaula mtundu ukasalazidwa pang'ono. Chenjerani pa chitenje pokha: mukapitirira muyeso, timaluwa tofiira timayamba kusefukira pa chikasu. Mtundu wachiwiri ndi timadontho towala ndi toderako topanda mtundu. Apa ndi pofunika dzanja lopepuka, popeza pulogalamu imavutika kusiyanitsa kadontho ndi kabowo ka khungu, ulusi wa nsalu kapena kamzere ka tsitsi loluka. N'chifukwa chake kujambula mu RAW kuli kofunika usiku: JPEG imatuluka kamera itafafaniza kale mwa nzeru zake, ndipo chimene yachotsa sichibwerera. Amene akufuna JPEG chifukwa makasitomala akudikira atsitse noise reduction ya mu kamera. Ndipo sikuti chithunzi chonse chilandire muyeso umodzi. Khoma la kumbuyo ndi thambo zisalazeni mmene mungafunire, nkhope muikhudze pang'ono, sharpening ibwere pomalizira.

Mapulogalamu atsopano asintha zinthu, ndipo sindingawanyoze. DeepPRIME ya DxO inatuluka mu 2020, Denoise ya Adobe inalowa mu Lightroom mu 2023, ndipo amapulumutsa zithunzi zimene kale tikanataya. Koma amagwira ntchito polota. Anaphunzitsidwa pa zithunzi zambirimbiri, ndipo pamene kuwala kunachepa amajambulapo chimene akuganiza kuti chinayenera kukhalapo. Pa munthu woima pafupi amalota bwino. Pa nkhope zazing'ono za mzere wakumbuyo wa kwaya, kapena pa zilembo za chikwangwani chakutali, nthawi zina amatulutsa maso ndi zilembo zimene kunalibe. Pa ukwati mwina palibe angadandaule. Mtolankhani amene chithunzi chake ndi umboni wa zimene zinachitika ayenera kuika choyambirira pambali pa chokonzedwacho n'kuyerekeza nkhope imodziimodzi.

Ena amathawira mbali ina, n'kumati timadontho ndi luso. Amatchula magazini ya ku Japan ya Provoke, imene inatuluka katatu kokha mu 1968 ndi 1969, momwe Daido Moriyama ndi Takuma Nakahira anasindikiza dala zithunzi zokhakhala, zogwedezeka. Iwowa anali ndi cholinga, ankakana zithunzi zaudongo za otsatsa malonda a nthawi yawo. Si chithunzi chilichonse chokhakhala chimene chili ndi cholinga chotero, ndipo kusandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera pofuna kubisa timabala n'kutaya dala mtundu wa yunifolomu imene amayi a kwaya anasonkherana kuti asoketse.

Chinyengo chachikulu chili pa kompyuta pomwepo, pamene tikukuza chithunzi mpaka 100% n'kuika mphuno pa sikirini. Palibe kasitomala amaona choncho. Kamera ya 24 megapixel imapereka mapixel 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chosindikizidwa bwino chimafuna 1800 ndi 1200 okha, kutanthauza kuti kadontho kalikonse pa pepala kaphatikiza mapixel pafupifupi 11, ndipo timadontho tatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu popanda kukhudza chilichonse. Chopita pa WhatsApp chimachepetsedwanso n'kupanikizidwa, ndipo kupanikizako kumasalaza khungu kachiwiri pamwamba pa zimene mwasalaza kale. Ndiye funsani kaye kumene chithunzicho chikupita, chichepetseni kufika pa kukula kumeneko, ndipo muone timadontho timene tatsala musanagwire batani lofafanizira. Pa chithunzi cha ISO 6400 chimene nkhope inalandira kuwala kokwanira, kawirikawiri chongofunika kuchotsa ndi timabala tamitundu tija basi.