Iwe Kapena Inu: Maganizo a Wowerenga pa Mabuku Atatu

Mabuku atatu amene ndawerenga motsatizana m'miyezi yapitayi ndi awa: Nthondo la Samuel Josia Ntara (1933), The Tongue of the Dumb la Dominic Mulaisho (1971), ndi The Old Drift la Namwali Serpell (2019). Sindinawasankhe ndi colinga ca kafukufuku ai. Loyamba ndinali kuliwerenganso pokonzekera phunziro, laciwiri ndinalitola kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa mseu, ndipo lacitatu ndinabwereka kwa mnzanga wa m'dipatimenti ya Cingerezi. Komabe m'kabuku kanga kolembamo ndemanga, funso limodzi linali kubwerezeka pa mabuku onse atatu: kodi munthu uyu, polankhula ndi mnzakeyo, akuti iwe kapena inu? Zimene zikutsatirazi ndi maganizo a munthu wokonda kuwerenga, amene khutu lake linazolowera kumvetsera galamala ngakhale pamene akanayenera kungosangalala ndi nthano.

Owerenga magazini ino safunika kuwakumbutsa kuti m'Cinyanja simungalankhule ndi munthu musanagamule za msinkhu ndi udindo wake. Mneni weniweniwo amakuumirizani kusankha pakati pa bwera ndi bwerani, wadya ndi mwadya, wapita ndi apita. Mngerezi ali ndi pobisala, pakuti you wake amakwanira mfumu, mwana ndi galu yemwe. Ife tiribe pobisalapo. Cimene sitinenapo kawirikawiri ndi cakuti lamulo limeneli ndi cida camtengo wapatali m'manja mwa mlembi wa nthano. Mkazi amene dzulo analandira mwamuna wake ndi mau akuti mwabwera, lero nati wabwera, watiuza kale kuti m'nyumbamo mwalowa mphepo, ndipo mlembi safunikanso kuononga ndime yathunthu pofotokoza mkwiyo wake.

Ndiyambe ndi Ntara. Iye anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland, ndipo Nthondo linalandira mphoto pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures. Mu 1934 linatuluka ku London m'Cingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, lomasuliridwa ndi T. Cullen Young, mau otsogolera atalembedwa ndi Julian Huxley. Nkhani yake ambiri a ife tikuidziwa: mwana abadwa pamudzi, atate wake amwalira, iye akula mopulupudza ndi mwakuba, apita kumwera kukafuna nchito, abwerako, alowa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nakhala Mkristu. Ofufuza ambiri adandaula kale ndi mathero amenewa, ponena kuti mlembi anali kulemba m'mishonale ataimirira kumbuyo kwake. Ine sinditsutsa. Masamba otsiriza ali ndi liwiro la munthu amene waona kuti dzuwa lapendeka ndipo mzere wa kumunda sunathe. Moyo wa bukuli uli m'zigawo zoyamba, pa maliro, pa milandu, ndi pa makambirano ataliatali a akuluakulu amene sathamangira mfundo.

Koma powerenga ulendo uno ndinaona kuti mathero aja ali ndi maziko m'cinenero comwe, ngakhale kulembedwa kwake kuli kwa phuma. Moyo wa Nthondo ndi ulendo wocokera pa iwe kufika pa inu. Mwana wamasiye wogwidwa akuba alibe ulemu wina woposa iwe, ndipo iwe wakeyo amabwera ndi cala cakumaso. Munthu yemweyo akakhala pampando wa ufumu, mudzi wonse, kuphatikizapo amene anamkwapula ali mwana, ayenera kusintha agwirizanitsi a mneni polankhula naye. Palibe msonkhano umene umakhazikitsa lamulo limenelo. Pakamwa pa anthu pamasintha pokha. Tsono kwa munthu amene wafika pamwamba potero, wolandira inu kucokera kwa onse, nciani catsala? Catsala ndico kupeza wina womupatsa inu ameneyo. Apa tikumbukire kuti Buku Lopatulika la 1922, limene nchito yaikuru yolimasulira inatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni yomweyo ya Nkhoma, limalankhula ndi Mulungu mwa Inu, pamene Baibulo la King James limati thou, liu limene poyamba linali la munthu mmodzi ndiponso la cizolowezi. Mkristu wa Cingerezi cakale anali kuyandikira Mulungu wake ndi liu la pacibale. Mkristu wa Cinyanja amagwada ndi liu la kubwalo. Cotero kutembenuka kwa Nthondo, kwa wowerenga wa Cinyanja, kuli ngati mfumu yaing'ono yopita kukaomba m'manja kwa mfumu yaikuru, cinthu cimene Mcewa aliyense wa nthawi imeneyo anali kucimvetsa popanda katekisimu. Sindinena kuti Ntara anakonza zimenezi mwadala. Ndingoti cinenero cinamgwirira nchito imene colembera cake cinaithamangira.

Wowerenga Man of Africa sangazimve zimenezi, ndipo mlandu suli wa Young, amene anakhala zaka zambiri ku Nyasaland ndipo anali munthu wa khutu labwino. Cingerezi cilibe potengera katunduyu. Cotsatira cake ncakuti buku limene m'Cinyanja liri nkhani ya kukwera kwa munthu m'maso mwa anzake, m'Cingerezi limaoneka ngati zenera loonerapo miyambo ya Acewa.

Buku la Mulaisho linandivutitsa mwa njira ina, cifukwa apa palibe womasulira woti tim'loze cala. Mlembi anadzimasulira yekha asanalembe. Mulaisho, amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Bank of Zambia kuyambira 1992 mpaka 1995, anaika nkhani yake m'cigwa ca Luangwa m'nthawi ya atsamunda, pamudzi wa Mfumu Mpona. Pamudzipo pali nduna Lubinda, wosirira mpando. Pali Natombi ndi mwana wosalankhula Mwape, amene mutu wa bukuli, wotengedwa pa Yesaya 35:6, ukuloza kwa iye. Palinso ansembe Acikatolika amene sagwirizana okhaokha pa za kakhalidwe kao ndi anthu akuda. Bukuli linatuluka mu African Writers Series ya Heinemann, ndipo ndi limodzi mwa mabuku oyamba a Mzambia kufika m'manja mwa owerenga akunja. Ndinalikonda koposa mmene ndinali kuyembekezera. Lubinda ndi munthu woipa wolembedwa mwaluso, wodziwa kuti njala ndi matenda zikagwa pamudzi anthu amafuna wina womunyamulitsa, ndipo iye amangowalozera.

Cinandigwira mtima ndi dzina la mphunzitsi wa pamudzipo, amene bukuli limamuchula kuti Aphunzitsi. Kwa wowerenga wa ku London limeneli ndi dzina ngati maina ena onse. Kwa ife si dzina konse, koma udindo wobvekedwa a- waulemu, monga momwe mudzi uliwonse wa kum'mawa umaitanira mphunzitsi wake mpaka anthu kuiwala dzina lake lobadwa nalo. Koma taonani cimene cimacitika m'ciganizo: Aphunzitsi alowa ndi ulemu wao wonse, kenaka mlowam'malo he awabvula pomwepo. Dzina likuti awa, mneni akuti uyu. Ndinapezeka ndikubweza makambirano onse m'Cinsenga m'mutu mwanga, kuti ndimve ngati Lubinda akuti mwewo kapena wewo. Ciwembu ca nduna yotere cimakoma pamene ulemu wa pakamwa uli wathunthu, mwewo ali ponseponse, koma mpeni uli m'thumba. Ndipo tsiku limene angayerekeze kunena wewo kwa mfumu, ngakhale kamodzi, ndilo tsiku limene mudzi ungadziwe kuti mpando wagwedezeka. Mulaisho alibe phatikizo limodzi limenelo, motero amalipira ndi miyambi ndi mafotokozedwe, ndipo nthawi zina malipirowo amacuruka mpaka nkhani kuima.

Cimodzimodzinso ndi ansembe aja. Akuluakulu athu amene anagwira nchito kwa Azungu amakumbukira bwino kuti cipongwe cacikuru sicinali cikoti cokha, komanso iwe woponyedwa kwa munthu wa imvi ndi mnyamata wa zaka makumi awiri. Mzungu amene anaphunzira kunena inu anali kudziwika dera lonse. Kusiyana kwa wansembe wodzicepetsa ndi wansembe wodzikuza, kumene bukuli limakumanga ndi masamba ambiri, kukanamveka pa moni woyamba.

The Old Drift ndi nyama ina. Ndi buku la masamba oposa mazana asanu, loyambira pa kamudzi ka Azungu oyamba pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, lodutsa pa kumangidwa kwa damu la Kariba m'zaka za m'ma 1950, pamene Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'cigwa ca Gwembe, ndi lofika mpaka ku Lusaka wa m'tsogolo wongopeka. Mabanja atatu amalukanalukana m'mibadwo itatu, ndipo pakati pa zigawo pamalankhula gulu la udzudzu. Linalandira mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Kunena zoona, cigawo cotsiriza, ca timakina touluka ndi zipangizo zoikidwa m'manja mwa anthu, sicinandikhutiritse. Anthu ake amacepa pamene makina akukula. Koma zigawo za agogo atatu, Sibilla wa tsitsi thupi lonse, Agnes wakhungu, ndi Matha wolira kosaleka, ndinaziwerenga usiku mpaka maso kuwawa.

Matha ndiye anandibwezera ku funso langa. Serpell anamutenga m'mbiri yeniyeni ya Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi ndi womenyera ufulu amene mu 1964 analengeza kuti Zambia idzatumiza anthu kumwezi, ndipo manyuzipepala akunja anamuseka. M'bukuli munthu ameneyu ndi Ba Nkoloso. Ba ameneyo waikidwa m'ciganizo ca Cingerezi popanda kupepesa, ndipo amagwira nchito yaikuru: dziko lonse likuseka, koma mtsikana amene anaphunzira kwa iye sam'cotsera ulemu wake. Wowerenga wakunja angaganize kuti Ba ndi Mister wa kuno. Wa ku Lusaka amadziwa kuti ndi woposa pamenepo, ndiponso kuti ali ndi mbali yowawa, pakuti m'nyumba za apamwamba mwana amaitana wanchito wa msinkhu wa amai ake ndi ba wotsatidwa ndi dzina loyamba, ulemu ndi malire zitamangidwa mtolo umodzi. Serpell, wobadwira mu Lusaka mu 1980, ali nalo khutu la zimenezi. Komabe iyenso afika pa khoma lomwe linaimitsa Mulaisho: ulemu uthera pa dzina, mneni ndi wa Cingerezi.

Apa ndipo pamene ine monga mphunzitsi wa Cinyanja ndinasowa mtendere. Ba uyu si wa Cinyanja ca m'mabuku athu. Ndi wa Cinyanja ca m'tauni, cimene cinamtenga ku Cibemba ndi zinenero zina zoyandikana nazo, monga cinatengeranso imwe m'malo mwa inu. Mwana wa ku Kalingalinga, komboni imene iri pafupi ndi yunivesite ndipo ikupezeka kwambiri m'buku la Serpell, amati batate baenda. Akalemba motero m'kalasi timadula mzere wofiira, ndi kulemba pamwamba pake kuti atate apita. Pa mbali ya kalembedwe kobvomerezeka sitilakwa. Unduna wa Maphunziro unakhazikitsa malamulo a kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri mu 1977, ndipo popanda muyezo umodzi mayeso sangacongedwe. Koma tiyenera kudziwa cimene tikudula. Mwanayo sanaphonye lamulo la ulemu. Walisunga lonse, pa dzina ndi pa mneni pomwe, cinthu cimene Mulaisho ndi Serpell, ndi luso lao lonse, sanathe kucita m'Cingerezi. Waphonya kalankhulidwe ka ku Katete ndi ku Chadiza kokha, kumene mwina sanapondeko. Pamene ndondomeko ya 2014 inalamula kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'cinenero ca m'dera lao, aphunzitsi a mu Lusaka anakumana ndi mpata umenewu m'mawa uliwonse, pakati pa Cinyanja ca m'buku ndi Cinyanja ca pabwalo la sukulu.

Cimandiwawa kuti mwana ameneyu, akadzakula nakonda kuwerenga, adzayamba kumva liu la kwao m'buku la Cingerezi losindikizidwa ku London ndi ku New York, ndipo adzalimva theka lokha. Njira ina inalipo kale pakati pathu. Julius Chongo, m'masewero ake a pa wailesi a Poceza m'Madzulo a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, amene Ernst Wendland anasonkhanitsa ena mwa iwo m'buku la 2004, anali kupatsa munthu aliyense m'nkhani pakamwa pakepake: wakumudzi, wa m'tauni, wodzionetsera ndi Cizungu. Wofotokoza nkhani anali kusunga Cinyanja cake cozama, koma anthu a m'nkhanimo anali kulankhula monga momwe anthu amalankhulira. Palibe womvetsera amene anasokonezeka nazo, ndipo Cinyanja sicinafe.

Ophunzira anga a caka cacitatu ndawapatsa nchito yotembenuzira m'Cinyanja kukambirana kumodzi kwa Lubinda ndi Mpona, ndi kumodzi kwa Matha ndi Ba Nkoloso. Pa koyamba mtsutso unali wa malo amene Lubinda angaterereke kucoka pa inu. Pa kaciwiri kalasi inagawanika pakati: ena analemba inu, ena imwe, ndipo a gulu la imwe anakana kusintha, ponena kuti inu akumveka ngati Matha akulankhula ndi munthu amene sam'dziwa.