Nthondo ndi Maso a Mlembi

Anyamata ambiri otsiriza sukulu amayesa kuti munthu sangathe kulemba buku ngati sanaoloke nyanja ndi kuona zodabwitsa za ku London. Buku la Nthondo, limene analemba Samuel Josiah Ntara, litsutsa maganizo otere. Bukuli linapata mphotho m'caka ca 1933 pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo mu 1934 linaturuka m'Cingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa, womasulira wace T. Cullen Young.

Ntara anali mphunzitsi wa Misyoni ya Nkhoma, m'dziko limene lero lichedwa Malawi. Nkhani yace sanaifunefune patali iai. Anatenga munthu wamba wa m'mudzi wa Acewa, namtsata kuyambira tsiku la kubadwa kwace kufikira kumanda. Mphamvu ya bukuli iri pa tinthu tija timene anthu amatipitirira osaceuka: m'mene akazi amalandirira khanda, m'mene akulu amadzudzulira mwana wosamvera, zocitika pamaliro. Anzace onse anaziona zimenezi tsiku ndi tsiku, koma Ntara ndiye anaziyesa zoyenera inki ndi pepala.

Komabe cakumapeto, pamene Nthondo atembenuka mtima, mlembi aleka kupenya nayamba kulalikira. Apo mphunzitsi apambana wosimba nkhani, ndipo Nthondo wa pa masamba otsiriza sakumbukika monga mnyamata wopulupudza uja, amene wowerenga anamkwiyira namkondanso.