"Sim" wa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu si umboni

Pali chizolowezi china pa kafukufuku wa maphunziro kuno kummwera kwa Niassa chimene tiyenera kuchitsutsa. Wofufuza akafika pasukulu, mphunzitsi wamkulu amamusankhira ophunzira "ochangamuka", n'kumupatsa ofesi yake, ndipo mphunzitsi wina amakhala pambali kuti azimasulira. Mafunso amakhala m'Chipwitikizi. Wachinyamata akangoyankha kuti "sim", lipoti limati alibe dandaulo.

Vuto loyamba ndi chilankhulo. Ku Ngauma ana ambiri amakula ndi Chiyao, ku Cuamba ndi Chimakua, pamene ku Mandimba, pafupi ndi malire a Chiponde, zilankhulozi zimamveka limodzi ndi Chinyanja. M'buku lake la 2011, Feliciano Chimbutane anaonetsa kuti m'sukulu ziwiri za ku Gaza ana ankamasuka ndi kufunsa mafunso pophunzira m'chilankhulo chawo, koma phunziro likakhala m'Chipwitikizi ankangoyankhira pamodzi mawu afupiafupi. Mwana amene amamangika m'kalasi sangamasuke pamaso pa mlendo wonyamula chojambulira mawu. N'zodabwitsa kuti dziko linayamba kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri mu 2003, koma kafukufuku woyeza maphunzirowo amachitika m'chilankhulo chimodzi.

Vuto lachiwiri ndi amene akumvetsera. Mphunzitsi womasulirayo ndi yemwe adzachonge mayeso a mwanayo. Ndipo pofunsa chifukwa chimene atsikana amasiyira sukulu, timakhudza mimba, ukwati ndi unyago. Lamulo nambala 19/2019 limati kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu, choncho mtsikana amadziwa kuti kunena zoona kungamangitse amalume ake. Mpaka 2018, lamulo la unduna linkasamutsira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku. Za kuchinamwali nazonso sizikambidwa pamaso pa aliyense. Kukhala chete kwake kuli ndi chifukwa, ndipo si kusowa maganizo.

Ena amati womasulira wochokera kwina amafuna ndalama ndi nthawi. N'zoona, koma kucheza bwino ndi achinyamata khumi kumaposa makumi asanu ongoti "sim". Womasulira asakhale wa pasukulupo, ndipo mtsikana acheze ndi mayi kapena mtsikana mnzake wamkulu. Khalani pansi pa mtengo, poti anthu akuoneni koma asakumveni. Wamanyazi mumulole kubwera ndi mnzake. Chilolezo cha makolo sichikwanira: mwanayo avomere yekha, m'chilankhulo chake, atauzidwa kuti angakane kapena kusiyira panjira. Muuzeni musanayambe kuti akaulula za nkhanza, mudzayenera kudziwitsa omwe angamuteteze.

Pomaliza, lipoti lililonse lizinena chilankhulo chimene anachezera, amene anasankha anawo, ndi amene analipo. Popanda zitatuzi, wowerenga sangadziwe ngati akumva mawu a wachinyamata kapena a sukulu.